Ngozi Family: Gitala Waukali ndi Mau a Cinyanja

Mu 1968, ku Birmingham m'dziko la Mangalande, anyamata anai anayamba gulu loimba limene linadziwika ndi dzina lakuti Black Sabbath. Mwini gitala, Tony Iommi, adaaduka nsonga za zala ziwiri pa nchito ya zitsulo. Tsono pofuna kucepetsa ululu anakhwefula nsambo, ndipo liu la gitalayo linatsika, nilimagunda ngati bingu. Maimbidwe otere ndiwo anabala heavy metal.

Mkokomo umenewu sunacedwe kufika ku Lusaka. Paul Dobson Nyirongo, wobadwa mu 1949, anayamba waimba m'gulu la Musi-O-Tunya, kenaka anasonkhanitsa lacelace, Ngozi Family, pamodzi ndi Tommy Mwale ndi woomba ng'oma Chrissy Zebby Tembo. Anthu anamzolowera ndi dzina la Paul Ngozi. Masiku amenewo Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti wailesi ya Zambia iziulutsa makamaka nyimbo za eni dziko, motero khomo linatseguka. Cimbale cao Day of Judgement cinaturuka mu 1976, ndipo 45,000 Volts cinatsatira mu 1977.

Camtengo wapatali n'cakuti Ngozi sanangomeza za Azungu. Pamwamba pa gitala waukaliyo anaikapo Cizungu ndi Cinyanja ca m'makomboni, naimba za moyo wa anthu wamba. Ndipo anthuwo anamva kuti nyimbozo n'zao.

Koma zabwino sizikhalitsa. Mtengo wa mkuwa utagwa, ndalama yogulira zimbale inasowa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 matenda a Edzi anatha oimba ambiri a Zamrock. Ngozi mwini wace anamwalira mu 1989. Komabe liu lace silinaikidwe m'manda: kampani ya Now-Again ku America inasindikizanso zimbale zace, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator anatapa m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi popeka yace ya Noid.

Nanga mphunzitsi wopita ku Chikwawa kapena ku Nsanje atolepo ciani? Coyamba, kunjenjemera kwa gitala wotere si cinthu cacilendo m'makutu a ana a m'cigwa ca Shire. Amisiri a valimba amaboola zikho za pansi pa mipiringidzo, namatapo nembanemba ya kangaude, kuti liu liziturukamo ndi mnjenjemero. Cimene iwo amacita ndi cikho, Ngozi anacita ndi magetsi. Caciwiri, cilankhulo ca kwao kwa munthu sicicepera nyimbo iri yonse. Mwana wa Cisena kapena wa Cimang'anja akaimba m'mau a amace, mphunzitsi asamdudule ngati wolakwa, koma amthandize kulemba mauwo ndi kuwasunga. Pakuti nyimbo ya Cinyanja imene inaoneka ngati yaiwalika inamvekanso kutsidya kwa nyanja patapita zaka 47.