Mzinga wa ku Mangochi ndi kalata ya ku Mbombwe

Pafupi ndi nsanja ya wotchi ya ku Mangochi pali mzinga wa mtundu wa Hotchkiss umene unali pa sitima ya Guendolen. Inu a kunyanja mumaudutsa popita kumsika, koma mbiri yake imatikhudzanso ife a kuno ku Chiradzulu.

Mizinga ya mtunduwu inayamba kupangidwa ku France m'ma 1880, pakampani imene inayambitsidwa ndi Benjamin Hotchkiss wa ku America. Luso lake linali changu. Mizinga yakale ankaipakira onga ndi chipolopolo kukamwa, pamene uwu ankautsekula kumbuyo n'kulowetsa chipolopolo cholumikizidwa kale ndi onga m'chigoba chamkuwa. Asilikali apamadzi a Russia nawonso ankaipanga kufakitale ya Obukhov, koma pankhondo yawo ndi Japan ya 1904 mpaka 1905 inawachepera mphamvu. Panyanja yathu mzinga umodzi wotere unali wokwanira.

Mu Ogasiti 1914 Kaputeni Rhoades anapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, itakwezedwa pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo anaiombera. Kaputeni wa Ajeremani anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Azungu amaisimba nkhaniyi ngati nthabwala. Ife sitikuonapo choseketsa. Nyanja itatsala m'manja mwa Angerezi, asilikali a King's African Rifles, amene mwa iwo munali Ayao ambiri achisilamu, anatengedwa pasitima kupita ku Karonga, kumene pa 9 Seputembala anamenyana ndi Aafirika anzawo a mbali ya Ajeremani.

Maliro a ku Karonga ndiwo anasautsa John Chilembwe ku Mbombwe. Mu Novembala analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya eni chuma, koma boma linaitsekereza kalatayo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, ambiri atanyamula mikondo. Amene anapita ku Mandala kukalanda zida anabwerako ndi mfuti zowerengeka chabe. Pa 26 Januwale asilikali analowa ku Mbombwe, ndipo tchalitchi chake chanjerwa anachiphulitsa.