Zisudzo mu holo ya thonje

Sabata yatha ndinakaonera sewero ku Royal Exchange kuno ku Manchester, koma maso anga ankangothawira m'mwamba, pa bolodi lakale lomwe likuonetsabe mitengo ya thonje ya tsiku lomaliza la malonda mu 1968. Paja holo imeneyi inali msika wa thonje, ndipo bwalo la zisudzo linatsegulidwa mkati mwake mu 1976.

Thonjelo likutikhudza ifenso. Mu 1902 amalonda a kuno anakhazikitsa British Cotton Growing Association, yomwe inalimbikitsa ulimi wa thonje mpaka kwathu ku Nyasaland. Linkawombedwa nsalu m'mafakitale oyendera malasha, utsi uli tolotolo. Ndiye mzinda womwewu ukayamba kuwerengera utsi wa zisudzo zake, ine ndimatchera khutu.

Mwina mukuti, kodi sewero limaononga chiyani? Ganizirani matabwa, penti, nsalu, magetsi owala usiku uliwonse, malole onyamula katundu kupita ku Leeds kapena ku Liverpool. Sewero likatha, zambiri zinkangotayidwa.

Nyumba ya Contact, pafupi ndi Oxford Road, inamangidwanso mu 1999 ndi machumuni ataliatali otulutsa mpweya wotentha, kuti holo izizizira yokha osadalira makina. Mukadutsa kumeneko kwezani maso, simungawaphonye. Mu 2012 bungwe la Arts Council England linalamula kuti mabungwe omwe limawapatsa ndalama chaka ndi chaka azipereka lipoti la mmene akukhudzira chilengedwe, mothandizidwa ndi Julie's Bicycle. Apa ndi pomwe nkhani inasiya kukhala ya mtima wabwino chabe, chifukwa inafika pa thumba. Kenako mu 2021 kunatuluka Theatre Green Book, yomwe pa sitepe yoyamba inati theka la zipangizo za sewero zikhale zogwiritsidwapo kale ntchito.

Pamenepa ndinaseka pang'ono, kunena zoona. Magulu ngati Kwathu, kapena Wakhumbata ya malemu Du Chisiza Jr, ankadzaza maholo popanda zomangamanga zambiri. Kusukulu kwathu mpando wa amfumu unali wa ahedi, jekete yobwereka kwa amalume. Sitinkateteza chilengedwe ayi, kunali kusowa basi, ndipo sindikufuna kukukometsera.

Potuluka ndinayang'ananso bolodi lija, ndikukumbukira matope a namondwe Freddy ku Chilobwe mu Malichi 2023. Kenako ndinathamangira tramu, mvula ya ku Manchester itayamba kale.