Mkonono, Gowelo ndi Nyumba za Matenanti ku Kasungu

Masiku ano munthu akadandaula kuti mnzake wa m'banja amaliza mkonono usiku wonse, amalangizidwa msanga kuti agule zotsekera m'makutu za siponji. Malangizowo si olakwika. Koma mbiri ya kagonedwe m'chidikha cha Kasungu ikusonyeza kuti vutoli linakula pamene mabanja anapanikizidwa m'kachipinda kamodzi, moti wovutika ndi phokoso anasowa kosunthira mphasa yake.

M'mudzi wa Achewa akale, kwa Mwase, kwa Lukwa kapena kwa Santhe, banja lonse silinkagona pansi pa denga limodzi. Mwana akaleka kuyamwa ankakagona kwa agogo ake kukuka. Akasinkhuka, mnyamata ankapita kumphala, ndipo achinyamata ena ankamanga gowelo lawolawo. Ngakhale mwamuna ndi mkazi wake ankapatukana pogona nthawi zambiri pa chaka. Mayi akabereka ankakhala m'chikuta, ndipo bambo sankabwerera kumphasa mpaka mwambo wotenga mwana utachitika, poopa mdulo. Pamaliro amuna ankachezera panja pamoto, amayi ali m'nyumba ya siwa. Chimanga chikayamba kukhwima, makamaka m'midzi yoyandikana ndi nkhalango imene inadzakhala Kasungu National Park mu 1970, amuna ankagona kumunda kulondera nguluwe ndi njovu. Miyamboyi sinakhazikitsidwe chifukwa cha mkonono ayi. Inali ya ulemu, ya thanzi la mwana ndi ya chakudya. Komabe phindu lake lina linali lakuti mudzi unali ndi malo ogona ambiri, ndipo munthu wogona padera palibe ankamuloza chala.

Fodya wa m'maesiteti ndiye anasintha zimenezi. Lamulo la Special Crops Act la 1963 linapangitsa kuti fodya wa bale ndi wa flue-cured akhale wa okhawo okhala ndi chilolezo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 Kasungu anadzaza ndi minda ikuluikulu: ya General Farming, ya Press Farming, ya Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, ndi ya anthu ena amaudindo a nthawi ya Kamuzu Banda. Olima ambiri anali matenanti otengedwa pa lole kuchokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Mangochi. Iwo ankafika opanda agogo, opanda kuka, opanda malo awoawo. Tenanti ankamanga kanyumba ka mitengo ndi dothi, kofolera ndi udzu, kongokwanira nyengo imodzi, pakuti sankadziwa ngati chaka chamawa adzakhalapobe. M'menemo munkagona bambo, mayi ndi ana, pambali pali thumba la chimanga cha ngongole, makasu ndi miphika, chotchinga chili chitenje chopachika pachingwe. Ntchito nayo inkadya tulo. Kuthyola kunkayamba mbandakucha, kusoka masamba m'chigafa kunkafika usiku, ndipo balani ya fodya wa flue-cured imafuna munthu wosonkhezera nkhuni usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu. Munthu wotopa chotero, wopuma utsi ndi fumbi la fodya, mwinanso atamwako kachasu, mkonono wake umakula. Amene wagona pambali pake nayenso ayenera kudzuka tambala woyamba. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale m'minda yawo, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti, koma nyumba yopanikizana sinachoke ndi lamulo.

Ena anganene kuti kukamba za kugona padera n'kulimbikitsa kutha kwa maukwati, chifukwa anankhoswe akamva kuti mwamuna akugona pabalaza amadziwa kuti zinthu zavuta. Nkhawayo ndi yomveka, koma ikuiwala kuti makolo omwe tikuwatamanda pa kusunga mabanja ndi amene ankapatukana miyezi yambiri mwana akabadwa. Chimene chimaononga ukwati ndi kuchoka pamphasa mokwiya, popanda kukambirana. Mkazi amene wakhala zaka akugona mwa apo ndi apo, n'kumadzuka mutu ukuwawa kukatunga madzi, mtima wake sutalika, ndipo mikangano yambiri ya masana imayambira usiku wotere. Ena anganenenso kuti zakale zinapita, malo achepa, njerwa ndi malata zakwera mtengo, choncho gowelo silingabwerere. Apa akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake kachipangizo ka m'khutu sikoyenera kukanyoza.

Kachipangizoka kali ndi mbiri yakeyake. Mu 1907 Maximilian Negwer, wogulitsa mankhwala ku Berlin, anayamba kupanga zotsekera za phula zotchedwa Ohropax pofuna kuthandiza anthu a m'mizinda yaphokoso. Za siponji zinatulukira ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kudzera mwa katswiri Ross Gardner, nthawi yomweyo imene maesiteti a ku Kasungu ankatsegulidwa, ndipo poyamba zinali za ogwira ntchito pamakina. Ka siponjiko munthu amakafinya ndi zala zoyera mpaka katawonda, n'kukokera khutu m'mwamba ndi dzanja linalo, kukalowetsa, kenako kukagwira pang'ono kuti kafufume ndi kudzaza mpata. Kamachepetsa phokoso kuposa thonje limene ambiri amaika, koma sikalithetseratu, pakuti mkokomo wina umadutsa m'mafupa a mutu. Kakada kayenera kutayidwa, apo ayi khutu likhoza kuyamba kutuluka mafinya.

Malire ake amaoneka bwino kumudzi. Mayi woyamwitsa ayenera kumva mwana akalira. Mlimi amene fodya wake wauma m'chigafa, akudikira kupita ku okushoni ya ku Chinkhoma, amagona khutu lili kunja kuopa akuba ndi moto, ndipo sangadzigonthetse m'miyezi imeneyo. Choopsa koposa n'chakuti siponji imabisa chizindikiro cha matenda. Ngati woliza mkononoyo amaleka kupuma kwa kanthawi, kenako n'kudzidzimuka ngati wotsamwidwa, masana n'kumawodzera pantchito, vutolo limayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo munthu woyamba kuliona ndi amene amagona naye. Ameneyo asanatseke makutu, ayambe wamvetsera mapumidwe a mnzake usiku ungapo, ndipo akaona zotere apite naye kuchipatala.