Geni ikazizira: woyendera nyumba wa ku Mitundu ndi ku Nathenje angadutse bwanji dzinja?

Mvula ikangokhazikika mu Disembala, mafoni a amisiri ambiri kuno kwathu amakhala zii. Womanga, wokhoma denga, wa mapaipi, wa magetsi, onse nyimbo imakhala imodzi: geni yazizira. Ena amafika pogulitsa levulo, wilibala ngakhale foni imene, kuti ana adye. Epulo akamafika ntchito yayambanso, munthu alibe chogwirira.

Nkhaniyi ndalembera achinyamata amene mwayamba kupeza kangachepe poyendera nyumba za anthu, komanso amisiri onse odzilemba okha ntchito. Ndaika pamodzi zimene ndimaona pa Mitundu ndi pa Nathenje, kuti muzisunge m'foni n'kumabwererako zinthu zikathina.

Woyendera nyumba ndi ndani?

Ku America iyi ndi ntchito yoima payokha: munthu asanasainire kugula nyumba amalipira katswiri kuti aiyang'ane kuyambira pamaziko mpaka kudenga. Kuno ilibe ofesi kapena chikwangwani. Nthawi zambiri ndi mmisiri yemwe uja wa m'dera, amene munthu amamutenga n'kumuuza kuti, "Tiyeni mukandionereko nyumba iyi ndisanapereke ndalama."

Omufuna alipo a mitundu inayi. Pali ogula nyumba kapena chigumula chosatha. Pali ofuna lendi, monga aphunzitsi ndi anamwino amene angotumizidwa kumene kuno. Pali malandilodi, makamaka amene ali ndi mahositelo a ophunzira a LUANAR pafupi ndi Bunda. Ndiye palinso abale athu a ku Joni ndi ku Cape Town, amene amatumiza ndalama pa Mukuru kuti kumudzi kumangidwe nyumba, koma maso awo sali pano.

N'chifukwa chiyani geni imazizira?

Ndalama ya ku Mitundu ndi ku Nathenje imachokera kumunda, ndiye imayenda ndi nyengo. Kalendala yake ili chonchi.

Epulo mpaka Ogasiti: msika wa fodya ku Kanengo umakhala utatsegulidwa, soya, mtedza ndi chimanga zikugulitsidwa. Anthu amagula malata, simenti ndi mapuloti. Apa foni siipuma.

Sepitembala mpaka Novembala: njerwa zawotchedwa, aliyense akuthamangira kufolera mvula isanagwe. Ntchito ilipo, koma ndalama yayamba kupita ku feteleza ndi mbewu.

Disembala mpaka Malichi: ndalama yonse yalowa m'munda, Khirisimasi yadya yotsala, Januwale akufuna za sukulu, ndipo m'makomo ambiri galu wakuda walowa. Misewu yafumbi yaterera, galimoto ya mchenga siingafike pasaiti, zidina zikusungunuka. Amene angaganize zogula nyumba ndi ochepa.

Pamwamba pa nyengo pali kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Nthawi zonse ziwiri mitengo ya zomangira inakwera, ndipo nyumba zambiri zinaima pawindo. Nyumba ikaima, mmisiri nayenso waima.

Mukadziwa kalendala iyi mumasiya kuganiza kuti wina wakulodzani. Si inu nokha. Ndi nyengo, ndipo imabwera chaka chilichonse pa nthawi yomweyo.

Dzinja ndiye nthawi imene nyumba imanena zoona

Apa ndi pamene woyendera nyumba amasiyana ndi womanga. Womanga mvula imamuimitsa, koma inu imakugwirirani ntchito. Mu Ogasiti nyumba iliyonse yopakidwa penti yatsopano imaoneka bho. Mu Febuluwale siingabise kanthu. Nazi zimene zimaoneka bwino mvula ikugwa.

Denga. Kwerani musiling'i ndi tochi. Yang'anani madontho m'mabowo a misomali, pamene malata akumana, ndi pamutu pa denga. Onani ngati mapaso anamangidwa ku khoma ndi waya kapena chitsulo, chifukwa madenga ambiri amene amasasuka ndi mphepo ya mvula yoyamba amakhala ongosanjikidwa. Funsaninso geji ya malata. Nambala ikakhala yaing'ono lata ndi lochindikala: geji 28 ndi yolimba kuposa geji 32.

Chinyontho. Khoma likamanyowa kuchokera pansi, penti n'kumatukumuka kapena kutuluka zoyera ngati mchere, nthawi zambiri ndiye kuti pamaziko sanayale pepala lakuda la pulasitiki lija lotchinga madzi, kapena dothi la panja lakwera kupitirira pamene analiyala. Kununkha kwa nkhungu m'chipinda chotseka ndi umboni wina.

Ming'alu. Si yonse yoopsa. Kamng'alu konga tsitsi ka pa pulasitala ndi nkhani yaing'ono. Koma mng'alu woyenda chopingasa ngati masitepe, wotsata mizere ya njerwa, wooneka mkati ndi kunja komwe, ukunena kuti maziko akuyenda. Lembani ndi pensulo pamene wathera, ikanipo deti, mudzabwerenso pakatha mwezi. Samalani kwambiri ndi nyumba za m'mbali mwa madambo: dothi la makande limafufuma likanyowa, n'kukhwinyata likauma, ndipo nyumba imavina nalo limodzi.

Chomangira. Kandani pang'ono pakati pa njerwa pamalo obisika, mwini wake atavomera. Nyumba zambiri anamangira dothi, simenti n'kungopaka pamwamba. Si tchimo, koma wogula ayenera kudziwa chimene akulipira.

Chiswe. Ngumbi zikamatuluka m'nyumba kapena m'mphepete mwa maziko, chiswe chili pomwepo. Gogodani mafelemu a zitseko ndi matabwa a kudenga. Thabwa lodyeka mkati limalira ngati ng'oma.

Madzi a pabwalo. Pitani mvula itangokata. Kodi madzi akuthawa nyumba kapena akuilondola? Puloti imene mu Okutobala inali fumbi lokhalokha ikhoza kukhala dziwe mu Januwale.

Chimbudzi. Zimbudzi zokumba zimagwa nthawi yomweyi. Onani ngati silabu yapendekeka ndi ngati madzi akwera m'dzenje. Alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake.

Magetsi. Khoma lonyowa ndi waya wosenda ndi imfa. Ngati mpopi kapena felemu lachitsulo likugwira, uzani anthu azimitse pa meni switchi, muitane wa magetsi wovomerezeka. Musatsegule nokha ngati si ntchito yanu.

Mungamugulitse ndani zimenezi?

Yambani ndi amene ndalama yawo siichokera kumunda.

A ku Joni ambiri amabwera mu Disembala n'kubwerera mu Januwale. Kumanani nawo asananyamuke. Ambiri ali ndi bala lomwelo: anatumiza ndalama ya malata 40, pasaiti pali 25, ndipo wowauza zoona palibe chifukwa onse ndi abale. Paja akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Gwirizanani nawo kuti mwezi uliwonse muzipita pasaiti kamodzi, muziwerenga matumba a simenti ndi malata, muzijambula vidiyo n'kutumiza pa WhatsApp. Ndalama yake ndi yochepa koma imabwera mwezi ndi mwezi, ndipo ndi imene imakuwolotsani.

Malandilodi a mahositelo nawonso amayendera kalendala ya sukulu, osati ya fodya. Ophunzira akapita ku holide zipinda zimakhala zopanda anthu, ndiye nthawi yabwino yoyendera chipinda ndi chipinda. Landilodi muuzeni molunjika: bowo la msomali lero likufuna kamphira ndi phula, likasiyidwa mpaka Epulo lifuna siling'i yatsopano.

Amene akudikira ndalama ya fodya kuti adzagule nyumba mu Meyi, auzeni aiyendere pano. Adzalipira pa nthawi yake, koma adzakhala atadziwa kale ngati ikudontha.

Musaiwale mipingo, masukulu a mkaka, zigayo ndi mashopu a patauni. Pa Nathenje, pokhala pa msewu wa M1, nyumba za malonda ndi zambiri ndipo eni ake amaopa katundu kunyowa kuposa china chilichonse.

Lipoti lanu likhale la munthu wa ntchito

Chimene chimasiyanitsa woyendera nyumba ndi mnzako wongoperekeza ndi lipoti. Silifuna kompyuta. Lembani deti, malo, dzina la wokutumani, kenako mavuto m'magulu atatu: oopsa ofunika kukonza lero, oyembekeza mpaka chilimwe, ndi ongokongoletsa. Vuto lililonse likhale ndi chithunzi chake. Lembaninso malo amene simunafike, monga musiling'i yopanda polowera. Mzere umenewo udzakupulumutsani tsiku lina kasitomala akadzabwera atakwiya.

Mtengo munene musanapite, ndipo transipoti ikhale payokha. Theka alipiriretu pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

Ndalama: masamu a miyezi 8 ndi 12

Ngati ntchito imayenda miyezi 8 koma mimba imadya miyezi 12, masamu ake ndi osavuta: pa K3 iliyonse imene mwapeza nthawi ya geni, K1 si yanu, ndi ya Januwale. Mwalandira K30,000, K10,000 ichoke m'thumba tsiku lomwelo.

Koma kwacha yosunga pansi pa pilo imasungunuka. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti gawo lina mugule chimanga nthawi yokolola, pamene chatsika mtengo, muthire mankhwala n'kusunga. Mu Febuluwale thumba limodzi m'nyumba limaposa ndalama imene munaligulira. Lendi yanu ya miyezi ya dzinja lipiriranitu mu Okutobala. Banki mkhonde ndi chipereganyu n'zothandiza, makamaka mukapempha kuti tsiku lanu lolandira ligwe mu Januwale osati mu Julayi pamene ndalama muli nayo kale.

Ndalama ya ntchito ndi ya pakhomo zisagone m'thumba limodzi. Ngakhale simu khadi yachiwiri ikhoza kukhala akaunti ya geni.

Za katapila ndinene mosabisa. Kubwereka K50,000 mu Januwale kuti mubweze K75,000 kapena kuposa mu Febuluwale, mwezi umene mukudziwa kale kuti kulibe ntchito, ndi kukumba dzenje kuti mukwirire lina. Chikole chake chimakhala zida zanu zomwezo. Ngati pali chogulitsa, gulitsani sipika, osati levulo.

Ndipo ngati kwanu kuli kamunda, limani. Palibe manyazi mmisiri kugwira khasu. Ekala ya soya kapena mtedza ndi malipiro a miyezi imene foni inali chete.

Nthawi yopanda ntchito ndi nthawi ya mapepala

Ambiri mwa ife luso tinaphunzira pasaiti, popanda satifiketi. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi ndondomeko yoyesa anthu amene anaphunzira ntchito m'manja mwa amisiri anzawo, kuti luso lawo lizindikirike. Kafunseni. Lilongwe Technical College ndi Namitete Technical College zili m'boma lathu lomwe lino. A magetsi, chilolezo chimachokera ku MERA, ndipo popanda icho ntchito yanu yoyala mawaya siivomerezeka pofuna kulumikiza magetsi a ESCOM.

Phunziraninso kumanga ndi mabuloko a simenti. Kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga analetsa njerwa zowotcha pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda akuluakulu, pofuna kuteteza mitengo. Amene tikuona mmene Dzalanyama akuthera tikudziwa kumene zinthu zikulowera. Woyendera nyumba wosadziwa kusiyanitsa buloko labwino ndi lophwanyika m'manja atsala m'mbuyo.

Miyezi imeneyi ndi yabwinonso kukonza tsamba lanu la Facebook. Kavidiyo ka masekondi 30 koonetsa khoma lonyowa ndi chifukwa chake kamafika patali kuposa kulemba kuti "ntchito ndikuifuna". Koma musaonetse nyumba ya munthu popanda chilolezo chake.

Zinthu zitatu zimene njala isakuchititseni

Choyamba, kupeka mavuto. Ngati ndinu woyendera komanso wokonza, mayesero amakhalapo oti kamng'alu kakang'ono mukakuze kuti mupeze ntchito. Mitundu ndi yaing'ono, aise. Tsiku limodzi la msika likwanira kuti mbiri yanu ifike mpaka ku Bunda.

Chachiwiri, kudyera mbali ziwiri. Wogula akakutumani, musalandire kanthu kwa wogulitsa kapena kwa ejenti kuti mutseke maso. Denga likadzagwera ana, dzina lotchulidwa lidzakhala lanu.

Chachitatu, kulowerera zimene si zanu. Kunena mtengo wovomerezeka wa nyumba, monga umene banki imafuna, ndi ntchito ya akatswiri olembetsedwa. Nkhani ya umwini wa malo ndi ya mafumu, makomiti a malo, ofesi ya za malo ndi khonsolo ya boma la Lilongwe. Inu nenani kuti khoma lili bwanji, ndipo wogula mumulangize akafufuze mapepala asanapereke ngakhale tambala. Nyumba yolimba pa malo a mkangano ndi ndalama yotayika.

Choti muchite sabata ino

Lembani mayina a anthu onse amene munawagwirira ntchito chaka chathachi. Aliyense mutumizireni uthenga waufupi wofunsa ngati denga likudontha kapena khoma lanyowa. Amene wayankha kuti inde, mupite mawa lomwe mvula isanaume pakhoma. Amene wayankha kuti ayi, mufunseni ngati ali ndi m'bale ku Joni amene akumanga.