Akazi a machona: mmene makolo athu anali kuyembekezela

Masiku ano mu Lusaka ndi ku Chipata muli azimayi ndi azibambo amene akangouka m'mawa amayamba atsegula foni, kuona ngati kwafika uthenga wa viza. Cikwati anamanga bwino-bwino, ankhoswe analipo, koma mnzawo ali ku Britain, ndipo kuti akhale nyumba imodzi afunika cilolezo ca boma la eni ake. Kuyambila mu April 2024, nzika ya Britain kapena munthu wokhazikika kumeneko akafuna kuitana mkazi kapena mwamuna wake, afunika kuonetsa kuti amalandila mapaundi 29,000 pa caka, pamene kucokela mu 2012 malile anali 18,600. Mu March 2024, anthu opita kukagwila nchito yosamalila okalamba analetsedwa kutenga mabanja awo. Wotsala kuno amaona monga vutoli n'lacilendo. Koma kum'mawa kwa dziko lathu, pepala linayamba kale kulekanitsa okwatilana.

Mu 1898 asilikali a Britain anagonjetsa Angoni a Mpezeni ndi kuwalanda ng'ombe zambili. Patangopita zaka zocepa kunabwela msonkho wa nyumba, wolipila ndi ndalama, cinthu cimene kumudzi kunalibe. Malo ambili ozungulila Fort Jameson, imene ndi Chipata lelo, anali m'manja mwa kampani ya North Charterland. Cotelo amuna anayamba ulendo wa pansi kupita ku Walale, ena kuwolokela Zambezi pa Feira, pamene pali boma la Luangwa tsopano. Anali kukagwila nchito m'mapulazi ndi m'migodi monga Wankie ndi Shamva, ndipo olimba mtima anafika mpaka ku Joni. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, migodi ya kopa ya Roan Antelope ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga nayonso inayamba kukoka anthu.

Mwamuna anali kuyenda ndi citupa. Nanga mkazi? Makomboni a migodi ya golide ku Johannesburg anali a amuna okha-okha, conco za kulondola mwamuna kumeneko panalibe. Ku Migodi kuno makampani anali kulola okwatila kukhala ndi akazi awo, koma kufikako kunali kovuta. Lamulo la mu 1929 litapatsa mafumu mphamvu zoweluza ndi kuika malamulo, ambili analamula kuti mkazi asacoke m'dela lawo popanda kalata ya cilolezo kapena cikalata ca cikwati. M'misewu ina munali akapaso amene anali kutsitsa azimayi m'malole ndi kuwabweza kumudzi. Mkazi wokwatiwa mwamwambo, wopanda pepala, anali kuonedwa ngati wothawa.

Akaziwa anatha zaka ziwili, zisanu, ena moyo wonse akuyembekezela. Cinawagwila mtima n'ciani?

Coyamba cinali kalata. Mamishoni, kuyambila ndi a Dutch Reformed amene anafika pa Magwero mu 1899, anatsegula masukulu m'midzi, ndipo mphunzitsi kapena mwana wa sukulu ndiye anali kulemba ndi kuwelenga makalata a mudzi wonse. Zacinsinsi zinali zosatheka. Mkazi anali kukamba za mvula, za nkhokwe, za mwana amene wamela mano, ndipo mwamuna anali kumva zina zonse zimene sizinalembedwe. Munthu wobwelela kumudzi anali kunyamula makalata, ndalama, bulangeti kapena nsalu za anzake. Mkazi akavala nsaluyo kupita kucitsime, mudzi wonse unali kudziwa kuti cikwati cikali camoyo.

Mkazi analinso ndi anthu omuzungulila. Kwa Acewa, kumene kuli cikamwini, iye anali kutsala pakati pa amayi ake ndi abale ake, ndipo mlongo wake anali kuthandiza kudula mitengo ndi kufolela nyumba. Kwa Angoni, kumene mkazi wolowoledwa amakhala kwa mwamuna, udindo unali pa apongozi ndi alamu. Nchito ikakula, mayi anali kufulula mowa ndi kuitana dima. Munda sunali kugonela cifukwa cakuti mwamuna kulibe. Ndipo mwamuna akakhala cete zaka zambili, ankhoswe anali kukhala pansi ndi kuona ngati mkaziyo angamasulidwe.

Panalinso mtondo. Posinja cimanga, azimayi anali kuimba nyimbo zodandaula za amuna amene anamila ku Walale, zina zacisoni, zina zoseka mwamuna amene anabwela cimanja-manja. Zimene mkazi sakanakamba pamaso pa apongozi, anali kuziimba ndi munsi m'manja, anzake akuvomela. Cisoni cinali kutuluka tsiku ndi tsiku, pagulu, kenako munthu n'kupita kukaphika.

Tisanamizane kuti zonse zinali bwino. Amuna ambili anakwatila kumene anapita ndipo sanabwelelenso, n'cifukwa cake tili ndi liu lakuti machona. Zidzukulu zawo zili ku Zimbabwe mpaka lelo. Mkazi akatenga mimba mwamuna kulibe, mlandu unali wake yekha, ngakhale mwamunayo anali ndi banja lina ku tauni. Ana ena anakula osadziwa nkhope ya atate awo. Vutoli linakula kwakuti maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anapangana za anchito oyendayenda mu 1936, ndipo pangano la mu 1947 linaika zakuti mbali ina ya malipilo izitumizidwa ku banja, ina izisungidwa mpaka munthu atabwelela kwawo. Atsamunda anali kufuna anchito, koma anaona okha kuti midzi ikutha.

Tikayelekeza ndi lelo, pa nkhani ya kalata tili pabwino kwambili. Munthu aona nkhope ya mnzake pa WhatsApp usiku ulionse. Cimene catayika ndi anthu omuzungulila. Woyembekezela viza kambili akhala yekha m'nyumba ya lendi, ndipo nkhaniyo amabisa poopa nsanje kapena manyazi ngati angamukanile. Ena amaleka kosi, amakana nchito, amagulitsa katundu, poganiza kuti mwezi wamawa anyamuka. Miyezi ikaculuka, foni iliyonse imakhala ya funso limodzi: ayankha? Mkwiyo woyenela ofesi ya viza umagwela pa mnzako, amene nayenso ali yekha m'dziko lozizila.

Agogo athu analibe tsiku lodziwika la kubwela kwa amuna awo, monga mmene inu mulibe tsiku la yankho. Koma sanaimitse umoyo, ndipo sanalile mobisa. Ngati muli pa ciyembekezo cotele, uzankoni ankhoswe anu ndi abale awili kapena atatu odalilika, kuti pakabuka mkangano pa foni akhalepo wokhazika mitima pansi. Pitilizani nchito kapena maphunzilo mpaka viza itatuluka. Kambilanani pasadakhale zimene mudzacita ngati yankho likhala lokana, kaya kupemphanso kapena mnzanu kubwelela kuno. Ndipo pa foni, muzikambako za mvula ndi za mwana amene wamela mano. Ngati kumudzi kwanu kukali agogo amene amuna awo anapita ku Walale, afunseni mmene zinalili akali moyo, cifukwa otsala ndi ocepa.