Intaneti ya mu Blantyre: kumene imachokera, chimene chimaikweza mtengo, ndi gawo la mapulogalamu a open source

M'maminibasi oyenda pakati pa Limbe ndi Blantyre, m'maofesi a mumsewu wa Victoria, ngakhalenso m'magulu a WhatsApp a anthu okhala ku Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Zingwangwa, macheza a nkhani za luso lamakono amakonda kuthera pa dandaulo limodzi. Amayamba ndi foni yomwe yangotuluka kumene, kapena dishi ya Starlink yomwe yaoneka padenga la mnansi, koma posakhalitsa wina amati bandulo yake yatha msanga, wina n'kuti netiweki yakhala ikuvuta kuyambira m'mawa. Kuti madandaulowa amveke bwino, pafunika kudziwa njira yomwe uthenga umadutsa usadafike pafoni, ndalama zomwe zimalipidwa m'njiramo, komanso mbali zomwe Amalawi angathe kuzisintha okha.

Mmene idafikira m'dziko muno

Intaneti ndi mgwirizano wa makompyuta miyandamiyanda a padziko lonse omwe amatumizirana uthenga kudzera m'nthambo, m'nsanja za netiweki ndi m'masetilaiti. Kuno kwathu, kalata za imelo zidayamba kuyenda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Chancellor College ku Zomba, pansi pa utsogoleri wa Dr Paulos Nyirenda. Makompyuta ankaimbirana kudzera m'lamya za nthambo panthawi zoikika, kotero kalata inkadikira nthawi yake ngati katundu wodikira basi.

M'chaka cha 1997, kampani ya MalawiNet idayamba kugulitsa intaneti kwa anthu ndi makampani mumzinda wa Blantyre. Bungwe la Malawi SDNP, lomwe lidakhazikitsidwa mothandizidwa ndi UNDP ndipo lidapeza malo ku Polytechnic ku Chichiri, komwe lero ndi MUBAS, lidapatsidwa udindo wosamalira maadiresi a intaneti othera ndi .mw m'chaka cha 2002. Bungwe la MACRA, loyang'anira ntchito zofalitsa mauthenga, lidabadwa kudzera m'lamulo la 1998, lomwe lidalowedwa m'malo ndi lina m'chaka cha 2016.

M'zaka zoyambirirazo, wofuna intaneti ankapita kukalipira mphindi mu intaneti kafe m'tauni. Zinthu zidasintha chifukwa cha foni za m'manja. Kampani ya TNM, yomwe likulu lake lili mumsewu wa Glyn Jones, idayamba m'chaka cha 1995 ngati mgwirizano wa bungwe la boma la mtengatenga wa makalata ndi lamya ndi kampani ya Telekom Malaysia. Celtel idabwera mu 1999, idasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Lero anthu ambiri amapeza intaneti kudzera m'makampani awiriwa, ndipo Airtel Money, yomwe idayamba mu 2012, ndi Mpamba, yomwe idatsatira mu 2013, zidachititsa kuti foni isanduke chikwama cha ndalama.

Ngakhale zili choncho, ogwiritsa ntchito intaneti akadali ochepa. Kafukufuku wa nthambi ya boma yoona za ziwerengero wa m'chaka cha 2019 adapeza kuti anthu 14.6 pa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito intaneti. M'mizinda adali pafupifupi anayi mwa anthu khumi alionse, pomwe m'midzi sankafika ngakhale mmodzi mwa khumi.

Ulendo wa uthenga

Munthu wa ku Machinjiri akatsegula Facebook kapena YouTube, foni yake imalankhula ndi nsanja yomwe ili pafupi. Nsanjayo imapereka uthengawo ku nthambo za faiba, zomwe mkati mwake muli timaulusi tagalasi tonyamula uthenga mwa kuwala. Ngati chomwe munthuyo akufuna chidasungidwa kunja kwa dziko lino, uthengawo uyenera kuoloka malire n'kukalowa m'nthambo zazikulu za pansi pa nyanja yamchere.

Apa ndi pamene pagona vuto loyamba. Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho monga momwe mafuta ndi feteleza zimadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, intaneti nayo imadzera m'maiko a eni. Nthambo ya SEACOM, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi ya EASSy ya mu 2010, zimatulukira kumtunda ku Maputo ndi ku Dar es Salaam. Kuchokera kumeneko, uthenga umayenda makilomita ambirimbiri pamtunda n'kulowa m'dziko muno kudzera kumalire monga a Mwanza, Songwe ndi Mchinji. Mwini nthambo aliyense m'njiramo amalandira yake, ndipo malipiro ake amakhala a ndalama zakunja.

Mkati mwa dziko, nthambo za faiba zidayalidwa ndi makampani monga MTL, SimbaNET ndi ESCOM, yomwe idapachika zake pamizati yamagetsi. Nthambozi zimaduka kawirikawiri chifukwa cha okumba misewu, madzi osefukira ndi akuba omwe amaganiza kuti mkati mwake muli kopa. Nthawi zina vuto limachitikira kutali zedi. Pa 12 Meyi 2024, nthambo za SEACOM ndi EASSy zidaduka pansi pa nyanja pakati pa South Africa ndi Mozambique, ndipo intaneti idafooka m'maiko angapo a kummawa kwa Africa kuphatikizapo Malawi. Tsiku limenelo, wokwiyira nsanja ya kwawo ankakwiyira chosalakwa.

Njira ina ndi ya setilaiti. Kampani ya Starlink idalandira chiphaso ku MACRA mu Okutobala 2022 ndipo idayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu Julayi 2023. Imathandiza kumalo komwe faiba sidafike, koma mtengo wa zipangizo zake ndi malipiro a pamwezi ndi wotheka kwa makampani, sukulu ndi mabanja opezako bwino, osati kwa munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi.

Mphambano ya pa Ginnery Corner

Kale, kalata ya imelo yochoka ku ofesi ina mu Blantyre kupita ku ofesi ina ku Limbe inkatha kuzungulira ku Ulaya kapena ku America ngati maofesi awiriwo ankagula intaneti ku makampani osiyana. Pofuna kuthetsa zimenezi, bungwe la makampani ogulitsa intaneti la MISPA lidatsegula malo osinthirana uthenga otchedwa Malawi Internet Exchange m'chaka cha 2008 ku College of Medicine, yomwe tsopano ndi gawo la sukulu ya ukachenjede ya KUHeS, chapafupi ndi Ginnery Corner.

Malowa ali ngati mphambano yomwe makampani amakumanirapo n'kupatsirana uthenga wa m'dziko momwe muno popanda kuutulutsa kunja. Phindu lake ndi liwiro komanso kupulumutsa ndalama zakunja. Komabe phindulo limakula pokhapokha zinthu zomwe anthu akufuna zikasungidwa konkuno. Tsamba la bungwe la ku Malawi likasungidwa pakompyuta ya ku London kapena Johannesburg, aliyense wolitsegula mu Blantyre amakalitenga komweko.

Zomwe zimakweza mtengo

Kupatula kutalika kwa njira, pali zifukwa zina zinayi. Choyamba ndi mphamvu ya kwacha. Zipangizo za pansanja, mapulogalamu oyendetsera netiweki ndi malipiro a nthambo zakunja zimagulidwa ndi madola. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya mabandulo ndi ya mafoni idakwera potsatira zimenezi.

Chachiwiri ndi magetsi. Nsanja imafuna mphamvu usana ndi usiku, ndipo magetsi akazima imadalira mabatire, sola kapena jenereta ya dizilo. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Namondwe wa Freddy, yemwe adasakaza Chilobwe ndi madera ozungulira phiri la Soche mu Malichi 2023, adagwetsanso mizati ndi kudula mauthenga panthawi yomwe anthu ankafunitsitsa kudziwa za abale awo.

Chachitatu ndi misonkho. M'chaka cha 2015 boma lidaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a SMS ndi pa intaneti ya pafoni, kuwonjezera pa msonkho wa VAT womwe kwa zaka zambiri udali 16.5 peresenti. Chachinayi ndi kuchepa kwa mpikisano, poti msika wa foni za m'manja uli m'manja mwa makampani awiri.

Mawu a ogula adagwirapo ntchito. M'chaka cha 2020, anthu adadandaula kwambiri pamasamba a mchezo pansi pa mfuwu wa DataMustFall, nduna yofalitsa nkhani ya nthawiyo, a Gospel Kazako, idalowererapo, ndipo makampani onse awiri adatsitsa mtengo wa intaneti yogwiritsa ntchito popanda bandulo. Ntchito ya Digital Malawi, yomwe idayamba mu 2017 ndi ndalama za World Bank, idaikanso WiFi yaulere m'malo ena monga m'misika, m'zipatala, m'sukulu ndi m'mabwalo a ndege.

Mapulogalamu a open source

Nthambo ndi nsanja ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi mapulogalamu omwe amayendetsa foni ndi kompyuta. Pulogalamu iliyonse imalembedwa ngati malangizo ouza makina chochita. Makampani ena amabisa malangizowo n'kumagulitsa chilolezo chogwiritsira ntchito, monga zilili ndi Windows ndi Microsoft Office. Ena amawaika poyera kuti aliyense awawerenge, awasinthe ndi kugawira anzake. Amenewa ndiwo amatchedwa open source.

Ganizoli lidakula ndi ntchito ya GNU yomwe Richard Stallman adayambitsa mu 1983, ndi Linux yomwe Linus Torvalds wa ku Finland adatulutsa mu 1991. Mtundu wina wotchuka wa Linux ndi Ubuntu, womwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayambitsa mu 2004, ndipo dzina lake ndi lomwe ife timati umunthu. Ambiri amagwiritsa kale ntchito mapulogalamu otere mosadziwa. Android, yomwe ili m'mafoni ochuluka ogulitsidwa mumsika wa Limbe, idamangidwa pa Linux. Firefox yotsegulira masamba, VLC yoonerera makanema ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengetsera ndalama, zonsezi n'zaulere ndiponso zololedwa ndi lamulo.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri eni makompyuta akale. Kampani ya Microsoft idasiya kupereka chitetezo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo malaputopu ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito omwe amagulitsidwa m'tauni sakwanitsa zofunika za Windows 11. Mwini wake angathe kugula kompyuta ina, kupitiriza ndi pulogalamu yosatetezedwa, kapena kuikamo Linux yomwe imayenda bwino ngakhale pamakina ofooka. Mapulogalamu okopedwa mwachinyengo, omwe amaikidwa motchipa m'tinyumba tina tokonzera makompyuta, amaphwanya lamulo la umwini wa zaluso la 2016 ndipo kawirikawiri amabwera ndi mavairasi.

Chitsanzo cha ku Gulupu

Umboni woti mapulogalamu otere angagwire ntchito yaikulu uli pachipatala cha Queen Elizabeth, chomwe ambiri amachitcha Gulupu. M'chaka cha 2006, bungwe la Baobab Health, lomwe lidayambira ntchito zake pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, lidaika makompyuta ongodina pagalasi kuchigawo cholandirirako mankhwala otalikitsa moyo. Wodwala ankamatiridwa kapepala kokhala ndi nambala yake m'buku lake la kuchipatala, ndipo namwino ankaona mbiri yake nthawi yomweyo. Pulogalamuyi idalembedwa m'dziko momwe muno pogwiritsa ntchito zida za open source monga Linux, MySQL ndi Ruby on Rails, ndipo makina ake adakonzedwa kuti azigwirabe ntchito ndi mabatire magetsi akazima. Pambuyo pake idafalikira m'zipatala zambiri. Unduna wa zaumoyo umasonkhanitsanso ziwerengero za m'maboma onse kudzera mu DHIS2, pulogalamu ya open source yochokera ku University of Oslo ku Norway.

Komatu chaulere sichitanthauza kuti palibe cholipira. Pulogalamu imafuna akatswiri oisamalira, oikonza ndi ophunzitsa ena, ndipo ntchito zambiri za mtunduwu m'zipatala zakhala zikudalira thandizo la maiko akunja. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama zomwe zikadapita kunja pogula ziphaso zingathe kulipira mwana wa konkuno yemwe waphunzira ku MUBAS, ku MUST kapena ku UNIMA.

Lamulo ndi macheza a pa intaneti

Ocheza pamasamba a mchezo ayenera kudziwa kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulowa m'makompyuta a ena popanda chilolezo, kuopseza ndi kuzunza anthu kudzera pa intaneti. Anthu ena adamangidwapo kaamba ka zomwe adalemba pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo mabungwe omenyera ufulu akhala akudandaula kuti ndime zina za lamuloli zingagwiritsidwe ntchito potseka anthu pakamwa. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni imalembetsedwa m'dzina la mwini wake. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 limalamula mabungwe osunga mbiri ya anthu kuti aziisamala ndi kuigwiritsa ntchito pa zolinga zokhazo zomwe adaitengera.

Kutalika kwa mtunda wochoka ku Blantyre kukafika ku Maputo kapena Dar es Salaam palibe angakusinthe. Misonkho, mpikisano wa makampani, malo osungira masamba a mabungwe athu ndi mtundu wa mapulogalamu omwe sukulu ndi maofesi amasankha, zimenezi ndi zomwe boma, MACRA, makampani ndi ogula angathe kugamula, monga zidaonekera mu 2008 pa Ginnery Corner ndi mu 2020 mitengo itatsika.