SS Great Britain, sitima yachitsulo ya Brunel

SS Great Britain ndi sitima ya pamadzi yoyendera nthunzi yomwe mapulani ake anajambula Isambard Kingdom Brunel. Inatsitsidwira m'madzi ku Bristol pa 19 July 1843, ndipo ndi kutalika kwake kwa mamita 98 panalibe ina yofanana nayo. Thunthu lake linali lachitsulo, osati lamatabwa, ndipo m'malo mwa mawilo opalasa madzi m'mbali inali ndi chopalasira chozungulira kumbuyo, pansi pa madzi. Mu 1845 inachoka ku Liverpool n'kukafika ku New York masiku 15 asanakwane.

Komabe umboni weniweni wa luso la Brunel suli pa ulendo umenewo, koma pa ngozi ya mu September 1846. Sitimayi inasochera usiku n'kukatitimira mumchenga ku Dundrum Bay, ku Ireland, ndipo inakhala pomwepo miyezi 11 mafunde akuimenya nyengo yonse yozizira. Yamatabwa yaikulu chotero ikanaphwasuka. Iyi anaivuula mu August 1847 ili yoti n'kukonzedwa. Ena amatsutsa ponena kuti malonda ake analephera, poti kampani ya Great Western Steamship, yomwe inali mwini wake, inagwa n'kuigulitsa motchipa kwambiri. Zimenezo n'zoona, koma chinagwetsa kampaniyo ndi ndalama zomangira sitimayi, zoivuulira, ndi nthawi yomwe inakhala osapindula kanthu. Chitsulocho chinalibe mlandu. Kampani ya Gibbs, Bright & Co. itaigula mu 1850, inaitumiza ku Melbourne kuyambira 1852, anthu akuthamangira golide wa ku Australia, ndipo thunthu lomwelo linayenda njira imeneyo maulendo 32.

Mfundo ina yotsutsa ndi yolemererapo: pa njira ya ku Australia sitimayi inkadalira kwambiri matanga, ndipo mu 1882 injini anaichotsamo. Pamenepa vuto linali malasha. Injini za nthawiyo zinkadya malasha ochuluka, moti paulendo wautali malo a katundu akanathera malasha okha. Nthunzi inali isanakhwime, koma thunthu silinafooke. Mphepo yamkuntho itaiwononga pafupi ndi Cape Horn mu 1886, inakhala nkhokwe ya ubweya wa nkhosa ndi malasha ku Port Stanley, kuzilumba za Falkland, mpaka anaimiza dala ku Sparrow Cove mu 1937. Mu 1970 anaivuulanso, n'kuibweza ku Bristol, m'doko lomwe anaimangira.